Tsitsi likayamba kuthothoka, yang'anani khungu la pamutu musanagule mafuta

Mukadutsa kwa ogulitsa zodzola mumsika wa Zomba, kapena mukatsegula magulu a WhatsApp a amayi a ku Chinamwali ndi ku Matawale, simuchedwa kupeza kabotolo kolonjeza kumeretsa tsitsi m'milungu iwiri. Lonjezo lokhalo likukwanira kuti ndalama yanu ibwerere m'thumba. Tsitsi lathuli limakula osakwana sentimita imodzi pa mwezi, ndipo muzu umene wapuma umatha miyezi pafupifupi itatu usanatulutse tsitsi lina. Palibe mafuta ofupikitsa nthawi imeneyi. Komanso kuthothoka kwa tsitsi kuli mitundumitundu. Chimene chadya tsitsi la mwana wa Sitandade 3 n'chosiyana ndi chimene chathothola la amayi ake obereka kumene, ndipo dazi la abambo ake ndi nkhani inanso. Mankhwala othandiza uyu amatha kumupweteka uyo.

Yambani ndi tsitsi logwalo. Liyikeni pa pepala loyera, muliyang'ane kunsonga. Likakhala ndi kanjere koyera kumapeto kwake, ndiye kuti lazuka lonse kuchokera m'khungu. Likakhala tizidutswa tatifupitifupi topanda kanjere, langoduka panjira, ndipo kawirikawiri mizu ili bwinobwino, vuto lili pa kasamalidwe. Mutu wa munthu uli ndi tsitsi pafupifupi 100,000, ndipo 50 mpaka 100 kugwa pa tsiku n'zachibadwa. Choncho mayi amene wakhala ndi meshi masiku 42, pomasula apeza mulu wa tsitsi loposa 2,000 limene linali litazuka kale koma linangokodwa m'malukidwemo. Mulu umenewo usakuopseni.

Kenako khungu. Pemphani mnzanu akujambuleni ndi foni pabwalo, masana, pafupi kwambiri ndi pamene pathothokapo. Khungu lamoyo limaoneka timaenje ting'onoting'ono mmene tsitsi limatulukira, nthawi zina ndi titsitsi tanthete. Pamenepo chiyembekezo chilipo. Koma pakakhala posalala, ponyezimira ngati chipsera cha moto, timaenje tonse titatsekeka, mizu inafa ndipo palibe chodzola chimene chingaidzutse. Zonse zimene zikutsatirazi zagona pa kusiyana kumeneku: kuthamanga mizu isanasanduke chipsera.

Kwa amayi ndi atsikana kuno kwathu, chothothola tsitsi chachikulu ndi kukoka. Dokotala wa khungu wa ku Cape Town, Nonhlanhla Khumalo, pamodzi ndi anzake, anafalitsa mu 2007 zimene anapeza ku Langa, dera la mumzindawo: mwa amayi 100 alionse, pafupifupi 32 anali atathothoka tsitsi chifukwa cha kukokedwa, ndipo mwa atsikana a sukulu anali 17 pa 100. Anapezanso kuti oopsezedwa kwambiri ndi amene amaluka kapena kusokera wivi pa tsitsi loika relaxer. Malukidwe a ku Langa sasiyana kwenikweni ndi a m'masaluni a ku Mpondabwino.

Zimayamba chonchi. Tsitsi la pachipumi ndi la m'mbali pamwamba pa makutu ndi lanthete kuposa lina lonse. Woluka akaligwira pang'ono n'kulimangirira ku chingwe cholemera cha meshi, muzu umakhala ukukokedwa usana ndi usiku. Umayamba watupa, pamatuluka tiziphuphu, nthawi zina ta mafinya, ndipo pa tsitsi pamaoneka tinthu toyera tokhala ngati mfundu koma tomata. Kenako limazuka. Koyamba ndi kachiwiri limamera. Zikachitika zaka ndi zaka pamalo omwewo, muzu umatopa n'kutsekeka. Chizindikiro chake chodziwika n'chakuti kutsogolo kwenikweni kumatsala kamzere ka tsitsi lalifupi limene woluka sankatha kuligwira, ndipo kuseri kwa kamzereko n'kumene kwayera.

Pali mawu aja oti likapweteka ndiye lagwira bwino. Ameneyo ndi mdani wa chipumi chanu. Ngati mwachoka ku saluni simungathe kukweza nsidze, kapena usiku woyamba mwagona chokhala mpaka kumwa Panado, masulani mizere ya kutsogoloyo tsiku lomwelo, ngakhale ndalama yapita. Tikudziwa kuti n'kovuta kuuza mayi amene wakhala nanu maola asanu kuti achemwali, apa mwakoka, koma nenani akadali pa mzere woyamba, asanafike pakati. Woluka wodziwa ntchito amasiya tsitsi la m'mphepete osaligwira, amagawa zigawo zikuluzikulu kuti chingwe chilichonse chinyamulidwe ndi tsitsi lambiri, ndipo salola kuti meshi ilemere kuposa tsitsi limene yamangidwapo. Zoluka zisapitirire milungu 6 mpaka 8, chifukwa tsitsi likamakula chingwe chimalendewera pa mizu yochepa. Mukamasula pumulani milungu iwiri, ndipo ulendo wotsatira mizere iyang'ane kwina.

Kukoka sikuli m'zoluka zokha. Wigi yomatidwa ndi guluu imazula tsitsi la pachipumi poichotsa, ndipo tizipeso ta mkati mwa wigi timadya malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Duku lomangidwa molimba pa mzere womwewo, monga amachitira amayi ambiri pa yunifolomu ya kutchalitchi, limachitanso chimodzimodzi. Pansi pake ikani kansalu koterera ndipo mfundo izisinthasintha malo. Ma dreadlocks aatali amalemera, ndipo kuwapota kumizu pafupipafupi kumawonjezera vutolo. (Chiweruzireni Khothi Lalikulu kuno ku Zomba mu 2023 kuti ana achi Rasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo, ana otere achuluka m'makalasi, ndiye makolo adziwe kuti mizu ya mwana sipirira kulemera ngati ya wamkulu.) Nawonso ana a ku nazale omangidwa tsitsi ndi ulusi ndi mikanda mpaka maso kukokeka, chipumi chawo chimayamba kutha asanayambe n'komwe Sitandade 1.

Mukazipeza msanga, kusiya kukoka kokhako kumabweza tsitsi m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Pakakhala tiziphuphu ta mafinya, adokotala amapereka mankhwala opha tizilombo ndi odzola ochepetsa kutupa kwa kanthawi kochepa. Minoxidil, amene tifikeko kutsogoloku, amathandiza mizu yofooka koma yamoyo.

Za relaxer tinene mosabisa. Yamphamvu ija ili ndi sodium hydroxide, soda yemwe uja amapangira sopo. Yolembedwa kuti no-lye ili ndi mankhwala ena, koma nayo imawotcha. Ntchito yake ndi kuthyola zimene zimapiringiza tsitsi, choncho tsitsi loika relaxer ndi tsitsi lofooketsedwa kale. Zolakwika zimene zimachuluka ndi izi: kupaka mutu wonse pamene pofunika ndi pa tsitsi lomera kumene lokha, kubwereza pasanathe milungu 8, kupitirira mphindi zolembedwa pa katoni poganiza kuti likayamba kutentha ndiye akugwira, ndi kutsuka mothamanga popanda shampu yake yozimitsa mankhwalawo. Pamene tsitsi lakale lapakidwa kawiri m'pamene limadukira, n'chifukwa chake ambiri amadabwa kuti tsitsi lawo silikula chonsecho limakula n'kumaduka. Musapake pamutu pokandidwa kapena pa zilonda, tchingirani khungu ndi Vaseline m'mphepete monse, ndipo pakati pa relaxer ndi kuluka, kapena relaxer ndi dayi, papite milungu iwiri.

Pali mtundu wina umene timafuna amayi audziwe dzina, chifukwa umabisala pansi pa wigi zaka zambiri. Madokotala amautchula mwachidule kuti CCCA. Umayambira paliwombo n'kumafalikira mozungulira ngati dontho la mafuta pa nsalu. Umakonda amayi akuda a zaka zopitirira 30 ndipo umayenda kumtundu, moti mukaona amayi anu kapena azakhali anu ali ndi poyera paliwombo, khalani tcheru. Poyamba pamangoyabwa, kunyerenyetsa kapena kupweteka mukapakhudza, tsitsi la pamenepo likumaduka lalifupi. Ena samva kalikonse. Umenewu umasiya chipsera, ndiye cholinga cha mankhwala ndi kuuimitsa kuti usapitirire: odzola amphamvu monga clobetasol, jakisoni wa triamcinolone wobaya pakhungu pomwepo, ndi mapiritsi a doxycycline kwa miyezi ingapo. Zonsezi n'za m'manja mwa odziwa za khungu. Yambirani ku Zomba Central mupemphe kuonana ndi oona matenda a pakhungu; zikafunika amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Kwa ana nkhani ndi chipere. Zigamba zozungulira zotuwa, zofundula, tsitsi litadukira pakhungu penipeni n'kusiya timadontho takuda, nthawi zina ndi mwanabere kukhosi kapena kuseri kwa khutu. Ndi nkhungu, ndipo imayenda ndi chipeso, chipewa, pilo, komanso makina ometera. Sabata yotsegulira sukulu, ana khumi akamadutsa pa makina amodzi motsatizana, chipere chimapeza mayendedwe aulere.

Cholakwika chachikulu pa chipere cha pamutu ndi kudalira zodzola. Nkhunguyo imakhala mkati mwa tsitsi ndi mu muzu, kumene kirimu safikako. Pamafunika mankhwala akumwa, kawirikawiri griseofulvin, amene adokotala amawerengera malinga ndi sikelo ya mwana, pafupifupi 20 mg pa kilogalamu iliyonse pa tsiku, kwa milungu 6 mpaka 8. Mankhwala amenewa salowa bwino m'thupi popanda mafuta, choncho mwana amwe atadya phala la nsinjiro, chiponde kapena mkaka. Makolo ambiri amasiya pa sabata yachitatu poona kuti pamutu payera, ndipo chipere chimabwerera. Shampu ya ketoconazole 2% kawiri pa sabata, yosiyidwa pamutu mphindi zisanu musanatsuke, imachepetsa kupatsirana, ndipo ndi bwino ana onse a m'nyumbamo aziigwiritsa ntchito, koma payokha sichiza. Chipere china chimatupa n'kukhala chotupa chofewa chotuluka mafinya. Musachiboole, musachifinye, mankhwala ake ndi omwewo, ndipo kuchedwa kumasiya dazi la moyo wonse pamutu pa mwana. Makirimu a steroid ogula pamsika, aja ena amayeretsera khungu, amachotsa kuyabwa koma amanenepetsa nkhunguyo. Mayi woyembekezera asamwe griseofulvin, ndipo amene akumwa mapiritsi olera adziwe kuti amawafooketsa.

Kwa achimwene ometa: chotsani kaye tsitsi pa mano a makina ndi kabulashi, kenako thirani sipiriti mpaka anyowe, muwasiye aume okha. Kungopemerera kamodzi n'kupukuta pa thalauza sikupha kanthu. Kholo limene lingakwanitse ligule makina a pakhomo.

Tsopano tsitsi longothothoka mutu wonse, popanda chigamba, lodzaza chipeso ndi pabafa. Apa funso n'lakuti: chinachitika n'chiyani miyezi iwiri kapena itatu yapitayo? Thupi likadutsa m'chipsinjo, mizu yambiri imapuma nthawi imodzi, ndipo tsitsi lake limadzagwa patapita miyezi imeneyo, munthu atachira kale n'kuiwala. Malungo aakulu, taifodi, opaleshoni, maliro a munthu wapafupi, kuonda mwadzidzidzi, zonsezi zimatero. Kubereka ndiye kodziwika: limayamba kugwa mwana ali ndi miyezi iwiri mpaka inayi, ndipo ambiri limakhala litabwerera mwana akamakwanitsa chaka. Si kuyamwitsa kumene kwalithothola, ndiye musamuchotse mwana kubere. Chofunika n'kusaliwonjezera katundu wa zoluka zokoka pa nthawi imene lili lofooka.

Likapitirira miyezi isanu ndi umodzi, kayezetseni magazi. Kuchepa kwa ayironi m'thupi n'kofala pakati pa amayi otaya magazi ambiri kumwezi, ndipo kwa a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, cha ku Kachulu ndi kwina, likodzo ndi njoka za m'mimba zimatha kukhala gwero lake. Mukapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi, chimbudzi chimada, zimenezo n'zabwinobwino. Pitirizani miyezi itatu magazi atabwerera kale kuti thupi lisungeko, ndipo musamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi. Papite ola kapena awiri. Pa mbale pazipezeka usipa, matemba, chiwindi, mazira, nyemba, nandolo ndi bonongwe, n'kutsirizira gwafa, lalanje kapena malambe, zimene zimathandiza ayironi wa m'masamba kulowa m'thupi. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira kapena moperewera chimathotholanso tsitsi. Ndipo pali ziwiri zimene anthu amachita nazo manyazi koma kuyezetsa kwake n'kosavuta pa chipatala chilichonse: HIV, ndi chindoko, chimene chikakhalitsa chimadya tsitsi mwa apa ndi apo ngati njenjete pa bulangeti. Chindoko chikachizidwa ndi jakisoni wa penisilini tsitsi limabwerera.

Chigamba chozungulira ngati ndalama yachitsulo, chosalala, chosayabwa, chongotulukira m'mawa wina pamutu kapena pa ndevu, ndi chija ena amati wametedwa usiku ndi afiti. Dzina lake ndi alopecia areata: chitetezo cha m'thupi chasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mizu yake yomwe. Sichipatsirana, timaenje timaonekabe, ndipo zigamba zochepa nthawi zambiri zimamera zokha chaka chisanathe, poyamba ndi tsitsi loyera. Kutemera mphini kapena kupaka adyo mpaka kuwauka n'kumene kumabweretsa chipsera pamene panalibe.

Dazi la abambo ndi la kumtundu, ndipo lingachokere kuchimuna kapena kuchikazi. Silibwera chifukwa cha chipewa, nzeru kapena ndalama, ngakhale nthabwala zimatero. M'thupi holomoni yachimuna ya testosterone imasandulika ina yotchedwa DHT, ndipo kwa amene anatengera, DHT amachepetsa mizu ya pachipumi ndi paliwombo pang'onopang'ono mpaka tsitsi kukhala ngati ubweya wa khanda. Ya kunkhongo ndi m'mbali siimva DHT, n'chifukwa chake agogo a dazi amatsala ndi nkhata ya tsitsi. Amayi nawo amakhala nalo, koma kwa iwo mzere wa pakati ndi umene umakulirakulira, makamaka akasiya kusamba.

Mankhwala otsimikizika ndi awiri. Minoxidil anayamba ngati piritsi la BP. Ataona kuti odwala akumera tsitsi, anamupanga wodzola, ndipo ku America anavomerezedwa mu 1988. Amapezeka wa 2% ndi wa 5%. Wamadzi amapakidwa 1 ml m'mawa ndi 1 ml madzulo, ndiye botolo la 60 ml ndi la mwezi umodzi. Apakidwe pakhungu, osati pa tsitsi, khungulo lili louma komanso lopanda Vaseline kapena hair food, chifukwa mafuta olemera amamutchinga. Sambani m'manja mukatha, musanyowetse mutu kwa maola anayi, ndipo wa madzulo aume musanagone, apo ayi apita pa pilo, kuchoka apo kumaso, ndipo amayi amadzadabwa ndi tsitsi m'masaya. Pa milungu iwiri mpaka isanu ndi itatu yoyamba tsitsi limagwa kuposa kale, popeza lakale likukankhidwa ndi latsopano. Ambiri amasiyira pamenepa n'kumati mankhwala ndi abodza. Zotsatira zimaoneka pa miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, ndipo kuti muweruze bwino dzijambuleni mwezi ndi mwezi pamalo amodzi, kuwala kofanana. Wamadzi amaumitsa khungu ndi kuyabwitsa ena chifukwa cha mankhwala ena osakanizidwamo otchedwa propylene glycol. Wa thovu alibe zimenezo. Mtima ukayamba kuthamanga kapena mapazi kutupa, siyani mukaonane ndi adokotala. Woyembekezera ndi woyamwitsa asagwiritse ntchito. Ndipo ngati muli ndi mphaka, botolo likhale kutali, kadontho kochepa kamatha kumupha.

Mfundo imene ogulitsa satchula: mukasiya, zonse zimene munapindula zimagwa m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Choncho musanagule botolo loyamba, werengerani mtengo wa mabotolo 12 pa chaka, chaka ndi chaka, muone ngati thumba lilola. Gulani ku famase yovomerezeka ndi PMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, osati kwa wa pa Facebook wothira m'timabotolo topanda dzina.

Wachiwiri ndi finasteride, piritsi la 1 mg pa tsiku la abambo, lovomerezedwa pa dazi mu 1997. Amatchinga kupangika kwa DHT, ndipo pa kuimitsa dazi amaposa minoxidil, makamaka paliwombo. Ndi mankhwala omwe aja amapatsidwa abambo otupa prostate, kungoti kumeneko ndi 5 mg. Abambo ochepa, pafupifupi awiri pa 100, amaona chilakolako kapena mphamvu za m'nyumba zikuchepa, ndipo ena amamva kukhumudwa. Zikatero uzani adokotala msanga. Amatsitsanso ndi theka zotsatira za PSA, kuyezetsa magazi koona za prostate, ndiye pokayezetsa prostate nenani kuti mukumwa. Mayi woyembekezera asakhudze piritsi losweka, chifukwa limatha kusokoneza ziwalo za mwana wamwamuna m'mimba. Izi zikukhudza makamaka amene amadula la 5 mg panayi kuti apulumutse ndalama. Amenewa musayambe popanda dokotala.

Nanga mafuta a nsatsi, a kokonati ndi ena aja? Ali ndi ntchito yake: amafewetsa tsitsi kuti lisaduke, makamaka mu June ndi July mphepo ya kuphiri ikamaumitsa chilichonse. Tsitsi losaduka limaoneka ngati lakula msanga, ndipo mbiri yawo inachokera pamenepo. Koma muzu sauona. Kuwaunjika pakhungu lokhala ndi mfundu kumangowonjezera kuyabwa. Mapiritsi a biotin amathandiza okhawo operewera biotin, amene ndi osowa, ndipo amasokoneza zotsatira za magazi a chithokomiro ndi a mtima, ndiye ngati mukumwa auzeni a ku labu.

Kuwokera tsitsi, kumene ena amapitira ku Johannesburg kapena ku Istanbul, ndi kusamutsa mizu ya kunkhongo kupita pa dazi. Sikuwonjezera tsitsi, kumangoligawa, ndipo lotsala lija limapitiriza kuthothoka ngati simukumwa mankhwala. Mizu ya tsitsi lathu ndi yopindika pansi pa khungu moti imaduka mosavuta poizula, ndiye pamafunika dokotala wozolowera tsitsi la anthu akuda. Amene thupi lake limatupa zipsera asayerekeze.

Wigi yabwino yosamata, yovulidwa usiku, ndi njira yolemekezeka, ndipo kumeta mpala n'kotchipa kuposa zonse. Abambo osankha mpala asamale kunkhongo kokha: kupalapo ndi lezala kapena kukanikiza makina kumayambitsa tiziphuphu tolimba timene timalumikizana n'kukhala chipsera chotupa chosameranso tsitsi. Tikangoyamba kuoneka, uzani ometa asiye kudula mzere kumbuyoko, atsalitse tsitsi mamilimita angapo, ndipo kolala yolimba ya shati isamakhulepo. Dzuwa la October pa mutu wa mpala limafuna chipewa.